Pambuyo pa Mapointi: Kusankha Maphunziro ndi Moyo wa pa Chirunga

Chaka chilichonse zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikatuluka, funso limene limamveka m'makomo, m'minibasi ngakhalenso pabwalo la tchalitchi ndi limodzi: "Wakhoza ndi mapointi angati?" Funsoli si loipa, koma limaphimba mafunso ena amene mwana wasukulu amadzakumana nawo ali yekhayekha. Akaphunzira chiyani? Fizi ichokera kuti? Azikagona pati, nanga azikadya chiyani? M'nkhani ino ndifotokoza zimenezi monga ndaziona pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzira za zinenero ndi zolembalemba pa University of Malawi ku Zomba. Ndikulembera makamaka abale ndi alongo amene akali ku sekondale, pamodzi ndi makolo ndi aphunzitsi awo, pakuti ambiri amafika kuno akudziwa dzina la sukulu lokha basi.

Ngakhale mayinawo amasokoneza. Makolo athu akamati "yunivesite" amatanthauza sukulu imodzi imene idali ndi nthambi zingapo. University of Malawi idakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, ndipo maphunziro adayamba mu 1965 ku Chichiri mumzinda wa Blantyre ndi ophunzira 90 okha. Chancellor College idasamukira ku Zomba mu 1973, pamalo amene timawatcha Chirunga. Nthambi zina zidali Bunda, Polytechnic, Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine imene idatsegulidwa mu 1991. Lero zinthu sizili choncho. Bunda idapatuka mu 2012 n'kukhala LUANAR. Mu 2021 zotsalazo zidagawikanso: Polytechnic idasanduka MUBAS, makoleji awiri a zaumoyo adaphatikizana n'kukhala KUHeS, ndipo dzina lakuti University of Malawi lidatsalira ku Zomba. Tikawonjezapo Mzuzu University, imene idalandira ophunzira oyamba mu 1999, ndi MUST ya ku Thyolo imene idatsegulidwa mu 2014, mayunivesite a boma akukwana 6. Komabe wakabaza wa padepoti ya Zomba mukamuuza kuti mukupita ku UNIMA akhoza kukufunsani kawiri, pamene mukangoti "ku Chanco" amangokuuzani mtengo.

Tsono za mapointi. Pa mayeso a MSCE phunziro lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 9. Nambala 1 ndi 2 ndiko kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndiko kungodutsa, ndipo 9 ndiko kulephera. Kuti munthu aganiziridwe malo pa yunivesite ya boma amayenera kukhala ndi makirediti 6, imodzi mwa iwo ikhale ya Chingerezi. Mapointi aja amapezeka pophatikiza maphunziro 6 amene munthu wakhoza bwino koposa, kotero wochepa mapointi ndiye wapambana: 6 ndiye pamwamba penipeni, ndipo 36 ndiye malire a munthu amene wapeza makirediti okhaokha. Apa aliyense amamvetsa. Chimene ambiri samvetsa ndi chakuti kukwanitsa zofunikazi si kusankhidwa ayi. Oyenera amakhala ambiri kuposa malo.

Ntchito yosankha imayendetsedwa ndi bungwe la National Council for Higher Education mogwirizana ndi mayunivesite onse a boma. Wophunzira amalemba pa fomu imodzi mapulogalamu amene akufuna, motsatana, kuyambira imene akuifunitsitsa. Pulogalamu iliyonse ili ndi malo ake owerengeka, ndiponso ili ndi maphunziro ake amene imayang'ana. Ya udokotala imayang'ana Masamu ndi maphunziro a sayansi. Ya zinenero imayang'ana Chingerezi, Chichewa kapena Chifalansa ndi ena otere. Tiyerekeze chigayo chokhala ndi makina angapo, aliwonse ndi mzere wakewake. Mayi amene walawirira m'mamawa akhoza kubwerera dzuwa litalowa asanagaye chifukwa adaima pa mzere wautali, pamene mnzake wobwera masana wagaya kale poti mzere wake udali waufupi. N'chifukwa chake mumamva kuti wa mapointi 12 watsala pamene wa mapointi 20 watengedwa, anthu n'kuyamba kunena za ziphuphu kapena ufiti. Kawirikawiri chimene chachitika n'chakuti wa mapointi 12 uja adadzaza fomu yonse ndi mapulogalamu amene aliyense wokhoza bwino m'dziko muno amalimbirana.

Nzeru yake ndi kusakaniza: pamwamba kuika chimene mtima ukufuna, m'munsimo kuikamo zimene mapointi ako angathe kufikira popanda chikaiko. Koma pano ndichenjeze. Ena amaika pulogalamu pa fomu pongofuna kutseka mpata, osaganiza kuti akhoza kusankhidwira komweko. Madigiri ambiri amatenga zaka 4, ndipo kusintha pulogalamu utafika kale si chinthu chapafupi. Ndaona anzanga akukoka miyendo zaka zonsezi m'maphunziro amene sadawafunepo, akungowerengera kuti asachotsedwe. Choncho dzina lililonse limene mukulemba pa fomuyo likhale la maphunziro amene mungathe kuwadzukira m'mawa kukuzizira.

Achikulire ena amalangizabe ana potengera kota, njira ija yogawa malo poyang'ana boma limene munthu akuchokera. Njirayi idabwezeretsedwa mu 2009, idadzetsa mkangano waukulu makamaka kwa anthu a chigawo cha kumpoto, ndipo idathetsedwa mu 2020. Uphungu wotere watha ntchito. Chinanso chimene aphunzitsi a ku sekondale ayenera kuuza ana n'chakuti ku Zomba maphunziro a zamalamulo salowa munthu akungochoka ku Fomu 4. Amayamba waphunzira kaye zina kwa chaka, kenaka n'kupikisana ndi anzake polimbirana malo ochepa amene alipo. Ambiri amabwera ndi maloto a uloya, ochepa ndi amene amadutsa, ndiye pulogalamu yoyambayo isakhale yongodikirirapo.

Wosasankhidwa asataye mtima msanga. Kuli makoleji a zauphunzitsi a Domasi ndi Nalikule, kuli maphunziro ophunzira uli kwanu amene mayunivesite monga Mzuzu ndi LUANAR amapereka, kuli mwayi wodzalowa ngati wachikulire ukakhala ndi dipuloma ndiponso utagwirako ntchito, kulinso mayunivesite amene si a boma, ambiri mwa iwo a mipingo. Pa awa omalizawa, musanapereke ndalama fufuzani ngati sukuluyo ndi pulogalamu imene mukufunayo zidavomerezedwa ndi bungwe lija la National Council for Higher Education. Sukulu ikhoza kukhala yovomerezeka koma pulogalamu ina m'menemo ayi.

Ndifike tsopano pa maphunziro anga, amene ndiwadziwa bwino kuposa ena onse. Wophunzira za zinenero za mu Africa akapita kwawo patchuthi amafunsidwa funso limodzimodzi ndi amalume, azakhali ndi oyandikana nawo: "Ndiye mwapita ku yunivesite kukaphunzira Chichewa? Kodi simuchidziwa kale?" Yankho lake n'lakuti kuyankhula chinenero ndi kwina, kudziwa m'mene chimayendera n'kwinanso, monga dalaivala amasiyana ndi makaniko. Ndipereke zitsanzo, pakuti nkhaniyi popanda zitsanzo siimveka.

Taonani aneni awa: kumanga, kuphika, kugula, kulemba ndi kugona. Mukafuna kunena kuti mukuchitira wina ntchitoyo, mumati kumangira, kuphikira, kugulira, koma kulembera ndi kugonera. Bwanji osati kulembira? Palibe adakuphunzitsani, koma mumatsata lamulo: lembo la liwu la m'tsinde likakhala a, i kapena u, msintho wake umakhala -ir-, likakhala e kapena o, umakhala -er-. Chimodzimodzinso kugulitsa ndi kugonetsa. Mwana wa zaka 4 amatsata lamuloli osaphonya, koma kuti munthu alione, alitchule ndi kulifananiza ndi zimene zimachitika m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, pamafunika maphunziro. Misinthoyo ikakumana ili ndi dongosolo lakenso. Timati kulembetsera, osati kulemberetsa. Ndipo mawu amodzi akuti "sindidzakuphikiraninso" anyamula kukana, wochita, nthawi, wochitiridwa, tsinde, msintho, ulemu ndi kubwereza, zimene Mngerezi amazifotokoza ndi mawu asanu ndi awiri kapena kuposa.

Chimene chidandikopa kwambiri ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu. Mawu akuti mtengo polemba ndi amodzi, koma mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga satchulidwa mofanana. Woyambawo liwu limakwera pa "te", wachiwiriwo limangoyenda pansi. Khungu la pathupi ndi khungu la maso nazonso zimasiyana motero. Zimafika mpaka pa nthawi ya mneni: "ndinafotokoza" angatanthauze zakale kapena za posachedwa malinga ndi pamene liwu lakwera. Kalembedwe kathu sikaonetsa zimenezi, n'chifukwa chake wowerenga nkhani pa wailesi nthawi zina amapunthwa n'kubwereza chiganizo. Tsiku limene tidaphunzira zimenezi kalasi yonse idasanduka ngati msika, aliyense akutchula mawu mobwerezabwereza kuti amve khutu lake lomwe, ndipo tidazindikira kuti wa ku Ntcheu, wa ku Kasungu ndi wa ku Mulanje sakweza liwu pamalo amodzi.

Amene amanyoza maphunzirowa sadziwa kuti Chichewa ndi chimodzi mwa zinenero za Chibantu zimene akatswiri a kunja amazitchula kawirikawiri. Mu 1987 Sam Mchombo ndi Joan Bresnan adasindikiza kafukufuku wa agwirizanitsi a Chichewa amene mpaka lero amawerengedwa ndi ophunzira za kapangidwe ka ziganizo m'maiko ambiri. Mchombo yemweyo, amene adaphunzitsa zaka zambiri ku Berkeley, adatulutsa buku la The Syntax of Chichewa mu 2004, ndipo mu 2017 Al Mtenje ndi Laura Downing adatulutsa The Phonology of Chichewa. Munthu wa ku London amalipira ndalama zambiri kuti aphunzire za chinthu chimene ife tili nacho pakamwa.

Dipatimenti yathu si ya Chichewa chokha, ndipo apa ndi pamene maphunzirowa amakhudza ndale ndi moyo wa anthu. Chichewa chidasankhidwa kukhala chinenero cha dziko mu 1968, ndipo zinenero zina, makamaka Chitumbuka, zidachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Bungwe la Chichewa Board lidakhazikitsidwa mu 1972 kuti liziyang'anira kalembedwe ndi kayankhulidwe. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera, malo ake adatengedwa mu 1996 ndi Centre for Language Studies, imene ili pansi pa yunivesite ino ndipo imagwira ntchito pa zinenero zina za m'dziko muno. Ndi imene idakonza mtanthauziramawu wa Chichewa chokhachokha amene adatuluka mu 2000. Mu 1996 momwemo boma lidalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chinenero cha kwawo, koma lamulo la zamaphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kuti ndicho chophunzitsira. M'kalasi timakangana kwambiri pa nkhaniyi. Ine maganizo anga ndi akuti mwana wa ku Nsanje kapena ku Chitipa amene akuphunzira kuwerenga m'chinenero chimene sadachimvepo pakhomo akusenza mitolo iwiri nthawi imodzi, ndipo ambiri amatula panjira. Anzanga ena amati Chingerezi ndicho khomo la ntchito, ndiye bola kuchiyamba msanga. Palibe amene amatuluka m'kalasimo akuganizabe kuti nkhani ya chinenero ndi yaing'ono. Ganizani za mayi wa kumudzi amene ali m'khoti, mlandu wake ukuyenda m'Chingerezi, tsogolo lake lili pakamwa pa womasulira.

Pali chinthu chimodzi choseketsa, kapena ndinene chomvetsa chisoni: zonsezi timaziphunzira m'Chingerezi. Mphunzitsi ndi Mmalawi, ophunzira ndi Amalawi, nkhani ndi ya Chichewa, koma zolemba ndi mayeso zimayenda m'chinenero cha eni ake. Polemba nkhani inoyi ndavutika kupeza mawu a Chichewa a zinthu zimene ndimazifotokoza mosavuta pa mayeso. Wobwera kudzaphunzira zinenero akuganiza kuti wathawa Chingerezi adziwiretu kuti wachilondola kumene chimagona.

Mbali ya zolembalemba ndiifotokoza mwachidule poti ambiri amaidziwa kuchokera ku sekondale. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno sitiloweza mayina a ampangankhani. Timafunsa chifukwa chimene nthano imakambidwira usiku, ntchito imene nyimbo ya pamtondo imagwira pamene mkazi sangathe kudzudzula mwamuna wake maso ndi maso, ndi chimene chimatayika nthano ikachoka pakamwa pa agogo n'kulowa m'buku. Timawerenganso olemba oyambirira monga Samuel Josia Ntara, amene buku lake la Nthondo lidapambana mpikisano wa olemba m'zinenero za mu Africa ndipo lidamasuliridwa m'Chingerezi mu 1934, pamodzi ndi olemba a maiko ena a mu Africa ndi kunja.

Nanga ntchito? Sindinama, digiri imeneyi siibwera ndi kalata ya ntchito, monganso madigiri ambiri masiku ano. Wofuna uphunzitsi wa ku sekondale achite bwino kulowera ku pulogalamu ya zauphunzitsi n'kutengera zinenero komweko. Ena amapita ku wailesi ndi ku nyuzipepala, ena kosindikiza mabuku, ena kumasulira zikalata za mabungwe a zaumoyo ndi zaulimi, ena kukafunsa anthu mafunso m'midzi pa ntchito za kafukufuku. Chichewa chili pa Google Translate kuyambira mu 2014, ndipo aliyense amene adayesapo kumasulira nacho kalata akudziwa kuti ntchito ya munthu wodziwa chinenero idakalipo. Chimene ndaona n'chakuti amene zimawayendera ndi amene adaphatikiza zinenero ndi luso lina, monga kompyuta, kujambula mawu kapena chinenero chachitatu, ndiponso adayamba timaganyu ta kumasulira akali pasukulu.

Tsono ndalama, pakuti apa ndi pamene ambiri amagwera. Makolo amene adaphunzira kuno zaka za m'ma 1970 ndi 1980 amakumbukira nthawi imene boma linkadyetsa ophunzira, kuwagoneka ndi kuwapatsa kangachepe ka m'thumba. Nthawi imeneyo idapita. Lero wophunzira aliyense amalipira fizi, amadzipezera chakudya ndipo amalipira pogona. Kwa osowa, thandizo lalikulu ndi ngongole yochokera ku bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board limene lidakhazikitsidwa mu 2015. Zinthu zingapo ziyenera kumveka bwino za ngongoleyi. Siibwera yokha chifukwa dzina lako latuluka pa mndandanda wa osankhidwa. Umayenera kuipempha, pa nthawi yake, ndi umboni wosonyeza kuti ndiwedi wosowa. Opempha ndi ambiri kuposa ndalama, kotero ena amapatsidwa ya fizi yokha popanda yodyera, ena sapatsidwa n'komwe. Ndipo ndi ngongole, si mphatso: ukamaliza umayenera kubweza, ndipo lamulo limapatsa olemba ntchito udindo wodula kumalipiro. Akuluakulu ena amene adaphunzira ndi ndalama za boma amazemba kubweza, osaganiza kuti ndalama imene akusungayo ndi imene ikadadyetsa mwana amene akugona ndi njala ku Chikanda.

Mwana wa m'tauni amamva za mafomuwa pa WhatsApp tsiku lomwelo. Wa kumudzi, amene amafunikira thandizoli koposa, nthawi zina amamva tsiku lotseka litadutsa. Aphunzitsi aakulu a sukulu zoyendera akadamatsatira ophunzira awo akale amene asankhidwa n'kuwathandiza kudzaza mafomu, akadapulumutsa ambiri. Thandizo lina limachokera ku mipingo, makampani, magulu a ophunzira akale ndi mabungwe monga CAMFED limene limathandiza atsikana, koma zonsezi zimafuna munthu wofunsa. Ndipo ngakhale wolonjezedwa thandizo abwere ndi ndalama yomufikitsa kumapeto a mwezi woyamba, chifukwa mapepala amayenda pang'onopang'ono pamene mimba siidikira.

Zipinda zogona za pasukulu ndi zochepa poyerekeza ndi chiwerengero cha ophunzira, choncho ambiri timachita lendi m'madera ozungulira. Chikanda ndiye wotchuka chifukwa ndi pafupi. Ena amafika mpaka ku Matawale ndi ku Chinamwali. Pofuna nyumba musangofunsa za mtengo. Yesani chitseko ngati chimatsekeka bwino, onani chimbudzi ndi bafa kuti mugawana ndi anthu angati, funsani za madzi, ndipo mumvane pa za mayunitsi a magetsi musanalowe, pakuti mikangano yambiri ya eni nyumba ndi ophunzira imayambira pa kachitofu kamagetsi. Yendaninso njira yochokera ku laibulale kufika pakhomopo muone m'mene ingakhalire usiku. Mnzanga wina adapeza chipinda chotchipa m'chilimwe, mvula itayamba adapeza kuti mabuku ayenera kumagona m'thumba la pulasitiki. Zomba ndi malo a mvula yambiri, ndipo mu Juni ndi Julaye mphepo yotsika m'phiri imalowa mpaka m'mafupa. Wochokera ku Chikwawa kapena ku Salima asaiwale bulangete lachiwiri.

Pa chakudya, amene amapulumuka ndi amene amaphika pamodzi. Anthu atatu kapena anayi amasonkha: wina wabwera ndi ufa kuchokera kwawo, wina nyemba, wina mtedza, n'kumagawana za makala, bonya, masoya ndi tomato. Kudya chipisi cha pachiwaya tsiku ndi tsiku kumatha ndalama ya mwezi m'masabata awiri. Njala ya pa yunivesite ndi yobisika chifukwa aliyense amasamba n'kuvala bwino. Munthu amatha kukhala nawe pa benchi imodzi asanadye chichokere dzulo, iwe osadziwa. Ndi njala yomweyi imene imakankhira atsikana ena m'manja mwa azibambo a magalimoto amene amazungulira madzulo, ndipo amene amafulumira kuwaweruza atsikanawo kawirikawiri ndi amene sadagonepo ndi njala mayeso ali mawa.

M'kalasi namo moyo ndi wina. Kulibe belu, kulibe mphunzitsi wokulondola ndi ndodo. Chaka chimagawidwa m'masemesita awiri, ndipo malikisi a phunziro lililonse amachokera ku ntchito za m'kati mwa semesita pamodzi ndi mayeso omaliza. Wonyozera ntchito za m'katizi amalowa m'mayeso ali kale ndi ngongole. Wolephera pang'ono amapatsidwa mwayi wolembanso, umene timautcha sapu. Wolephera kwambiri amabwereza kapena kuchotsedwa kumene. Amene amadabwitsa ndi aja adali oyamba ku sekondale. Adazolowera kuloweza manotsi, ndiye akafunsidwa maganizo awo pa zimene olemba awiri akutsutsana, amasowa pogwira. Mabuku a mu laibulale sakwanira onse, kotero zambiri zimayenda pa foni, ndipo ndalama ya intaneti iyenera kuwerengedwa pamodzi ndi ya ndiwo. Ndaona anthu akulemba nkhani ya masamba 10 pa foni ndi zala ziwiri, n'kukhoza bwino kuposa eni malaputopu.

Thandizo pasukulu lilipo, koma ambiri saligwiritsa ntchito. Kuli ofesi yoona za umoyo wa ophunzira, kuli chipatala chaching'ono, kuli aphungu, kuli chipinda cha zipangizo za ophunzira osaona ndi ena olumala, kulinso bungwe la ophunzira limene limanyamula madandaulo. Vuto ndi momwe tidaleredwera. Tidaphunzitsidwa kuti wamkulu safunsidwa mafunso, ndipo mavuto a pakhomo sauza alendo. Ndiye wophunzira amaopa kugogoda pa ofesi ya mphunzitsi kukanena kuti, "Adokotala, sindidamve zimene munaphunzitsa," kapena kuti, "Mayi anga amwalira, ntchito ija ichedwa." Amadikira mpaka zotsatira zitatuluka, pamene palibenso chochita. Chonsecho aphunzitsi ambiri amene ndawagogodera adandipatsa mpando. Kuvutika maganizo nakonso timakubisa poopa kutchedwa ofooka, makamaka anyamata. Ndipo wina aliyense, kaya ndi mphunzitsi kaya wophunzira mnzako, akamakukakamiza zachisembwere posinthana ndi malikisi kapena thandizo, dziwa kuti lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati umenewo ndi mlandu, ndipo pali kokanena. Magulu a mapemphero a Akhristu ndi Asilamu, ndi timagulu ta anthu ochokera boma limodzi, nthawi zambiri ndi amene amayamba kuzindikira kuti uje sakuoneka masiku ano.

Pa Chirunga pali zambiri kunja kwa kalasi: masewera, makwaya, zisudzo, wailesi ya Chanco imene ophunzira amaphunzirirapo kuulutsa mawu, ndi zisankho za bungwe la ophunzira zimene zimatentha ngati za dziko. Kwa ife a zolembalemba, malo ano ali ndi mbiri imene imatilemera pamapewa. Gulu la olemba la Writers Group lidayamba pa koleji ino mu 1970, nthawi imene mawu olakwika ankatha kumutsekeretsa munthu, ndipo olemba ake adaphunzira kubisa nkhani m'mafanizo. Mmodzi mwa iwo, Jack Mapanje, amene ankaphunzitsa pano, adamangidwa mu 1987 n'kusungidwa ku Mikuyu, kufupi konkuno, mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Mu 2011 mkulu wa apolisi adaitana Blessings Chinsinga kukamufunsa za chitsanzo chimene adapereka m'kalasi. Aphunzitsi adanyanyala pofuna ufulu wophunzitsa mosaopsezedwa, ndipo maphunziro adaima kwa miyezi pafupifupi 8. Kutsekedwa kwa sukulu, kaya chifukwa cha zionetsero kaya mliri monga wa Covid-19 mu 2020, kumasokoneza kalendala, ndipo zaka 4 zija zimatha kusefukira. Makolo powerengera ndalama asiyeko mpata wa zimenezi.

M'chaka chomaliza wophunzira amachita kafukufuku wakewake. Anzanga ena amapita kwawo kukajambula nyimbo za maliro kapena mayina a malo. Ine ndasankha chiyankhulo cha ophunzira a pano pomwe. Wa chaka choyamba timamutcha yaro, wopitiriza ndi konti, womaliza ndi finale, ndipo onsewa pochulukitsa amatenga ma-: mayaro, makonti, mafinale. Wochotsedwa chifukwa cholephera timati wawididwa, kuchokera ku mawu a Chingerezi otanthauza kuzula udzu m'munda. Akuluakulu amati achinyamata tikuononga Chichewa, koma mawu obwerekawa akalowa amagonjera malamulo amene adawapeza. Timati "unditayipire" koma "undichekere", "wawididwa" osati "wawidedwa". Ndikadali kusonkhanitsa aneni otere m'kabuku kanga, pa mzere wogula chakudya ndi m'magulu a WhatsApp, ndipo mpaka pano sindidapeze ndi mmodzi yemwe amene waswa lamulo la -ir- ndi -er-.